Kolonosikopi ikathera panjira: kodi kapisozi wa kamera angamalize ntchito?

Matumbo aakulu a munthu wamkulu amatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo ali ndi makona ambiri. Pochita kolonosikopi, dokotala amalowetsa paipi yofewa yokhala ndi kamera kudzera kotulukira chimbudzi. Cholinga chake n'kukafika ku caecum, kumunsi kwa mimba kudzanja lamanja, kumene matumbo aang'ono amathirira mu aakulu. Bungwe la madokotala a ntchitoyi ku Ulaya, ESGE, limafuna kuti paipiyo izifika kumeneko pa odwala osachepera 90 mwa 100 alionse. Otsalawo amadzuka n'kuuzidwa kuti mbali ina sinaoneke. Mbali imeneyo kawirikawiri imakhala ya kumanja, komwe kumakonda kubisala zophuka zaphwatalala komanso khansa imene imangomaliza munthu magazi mwakachetechete. Sibwino kungoisiya.

Musanaganize za kapisozi, kamera yaing'ono yooneka ngati piritsi imene munthu amameza kuti ijambule m'matumbo, funsani chimene chinaimitsa paipiyo. Yankho lake ndilo limatsogolera zonse. Mwa ena matumbo ndi aatali kwambiri, paipi imangodzikulunga m'malo mopita patsogolo. Mwa ena matumbo anamatirirana chifukwa cha opaleshoni yakale, makamaka ya kuchotsa chiberekero, kapena anapindika molimba chifukwa cha timatumba tophuka m'mbali mwake. Ena ululu ndiwo unawakulira. Anthu onsewa kapisozi angawathandize, chifukwa iye sakankhidwa ndi munthu, amangotsata kayendedwe ka matumbo. Koma ngati paipi inaima chifukwa njira yachepa kapena chotupa chatseka, kapisozi asamezedwe, chifukwa akakakamira pomwepo. Apo pamafunika CT ya matumbo, kujambula m'mimba kuchokera kunja ndi makina a X-ray. Ngati vuto linali loti m'mimba simunayere, ingobwerezani kolonosikopi mutatsuka bwino.

Kapisozi wodziwika kwambiri ndi PillCam COLON 2, amene anatuluka mu 2009 kuchokera ku kampani ya Given Imaging ya ku Israel, yomwe tsopano ili m'manja mwa Medtronic. Mu 2014 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linamuvomereza pa ntchito yomweyi, ya anthu amene kolonosikopi yawo sinathe. M'litali ndi mamilimita pafupifupi 32, m'lifupi 11.6. Ali ndi kamera mbali zonse ziwiri, iliyonse yoona madigiri 172. Akamayenda pang'onopang'ono amajambula zithunzi 4 pa sekondi, akathamanga amafika 35. Zithunzizo zimapita ku kabokosi kamene wodwala amakoleka paphewa kudzera pa lamba kapena timasensa tomata pamimba. Batire limakhala maola osachepera 10, ndipo mpikisano wonse uli pamenepa: kapisozi adutse mbali yosaonekayo moto usanathe.

Kutsuka m'mimba n'kovuta kuposa kwa kolonosikopi, ndipo ndimaona kuti odwala ayenera kuuzidwa zimenezi mosabisa. Paipi ya kolonosikopi imapopera mpweya, imathira madzi, imayamwa zonyansa. Kapisozi sachita chilichonse cha izi. Amafuna matumbo odzaza ndi madzi oyera kuti aziyandama n'kumaona patali.

Dongosolo lofala limayenda chonchi. Mapiritsi owonjezera magazi a ayironi amasiyidwa pafupifupi sabata imodzi isanafike nthawi, chifukwa amadetsa matumbo. Dzulo lake munthu amangomwa zamadzimadzi zoonekera, monga tiyi wopanda mkaka ndi msuzi wosefa; phala ayi, chakumwa chofiira ayi, poti chimaoneka ngati magazi. Madzulo amamwa malita 2 a mankhwala otsuka a PEG, m'mawa malita 2 ena, kenako n'kumeza kapisozi ndi madzi. Kapisozi akakhala m'chifu kupitirira ola limodzi, pamaperekedwa mankhwala a metoclopramide a 10 mg kuti amutulutsemo. Kabokosi kaja kakazindikira kuti walowa m'matumbo aang'ono kamalira, ndipo apo munthu amamwa mankhwala omukankha, otsatana ndi lita imodzi ya madzi. Pakatha maola atatu asanatuluke, amamwanso ena ocheperako ndi theka la lita. Pakathanso maola awiri, amaika mankhwala otsegula m'mimba a bisacodyl a 10 mg kotulukira chimbudzi. Kuyendayenda kumathandiza kwambiri, kugona pamphasa tsiku lonse kumachedwetsa.

Mankhwala okankhawo ndi amene amafuna maso. Amene agwiritsidwa ntchito kwambiri ndi sodium phosphate, ndipo amatha kuwononga impso. Odwala impso kapena mtima, okalamba ofooka, ndi amene amamwa mankhwala ena a BP kapena okodzetsa amapatsidwa mtundu wina, monga wa sulfate kapena Gastrografin. Odwala shuga akambirane mlingo wa insulini kapena mapiritsi awo pasadakhale, chifukwa akhala tsiku ndi theka osadya.

Pali mfundo imene imaiwalika. Pa munthu amene anachita kale kolonosikopi, sikofunika kuti kapisozi ajambule mpaka kutuluka. Chofunika n'choti afike pamene paipi inalekera, zithunzi ziwirizo zilumikizane. N'chifukwa chake dokotala amene walephera kufika amachita bwino kusiya chizindikiro pamalopo, kadontho ka inki kapena kachitsulo kopanira, n'kulemba bwino m'lipoti. Popanda chizindikiro, wowerenga zithunzi amangoyerekeza, popeza m'kati mwa matumbo makona amafanana.

Nanga pakati pa kapisozi ndi CT, chabwino n'chiti? Kafukufuku wa gulu la Cristiano Spada ku Rome, wofalitsidwa m'magazini ya Gut mu 2015, anayeza anthu 100 ndi njira zonse ziwiri. Kapisozi anapeza zophuka za mamilimita 6 kapena kuposa mwa anthu 24, CT inapeza mwa 12. Komabe malangizo a ku Ulaya a 2020 amaika CT patsogolo, ndipo amati kapisozi angagwiritsidwe ntchito pamene pali akatswiri ake. CT imatha tsiku lomwelo, imaona ziwalo zina za m'mimba, ndipo siikakamira. Kapisozi alibe cheza cha X-ray ndipo amaona bwino zophuka zaphwatalala. Amene muli ku Britain mungapatsidwe mwayi wosankha, chifukwa NHS, zipatala za boma, ku Scotland ndi ku England yakhala ikumugwiritsa ntchito.

Zovuta zimene zimachitika kawirikawiri ndi ziwiri: m'mimba mosayera, ndi batire kutha kapisozi akuzungulirazungulira mu caecum. Kukakamira kwenikweni, kutanthauza kukhala m'thupi kupitirira masabata awiri, sikuchitikachitika, koma kumawopsa kwa odwala matenda otupitsa matumbo a Crohn, amene anawotchedwapo khansa ya m'mimba ndi cheza, ndi amene amwa mankhwala aululu monga ibuprofen kwa nthawi yaitali. Pokayikira, amayamba amezetsa kapisozi woyesera njira, amene amayamba kusungunuka yekha pakatha maola 30. Amayi oyembekezera sapatsidwa kapisozi, ndipo ovutika kumeza amafunika kuunikidwa kaye. Ngati simunamuone akutuluka, musalowe mu MRI, makina ojambula m'thupi ndi maginito, mpaka X-ray itatsimikiza kuti watuluka. Mimba ikatupa, kupweteka kwambiri, kapena mukayamba kusanza, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Kapisozi amangoona, sadula kanyama kokayeza ndipo sachotsa chophuka. Akapeza chophuka cha mamilimita 6 kapena kuposa, kapena zitatu kapena kuposa, pamafunikanso kolonosikopi. Ulendo wachiwiriwo umakonzedwa mosiyana: mankhwala ogonetsa amphamvu, paipi yopyapyala ya ana kapena yokhala ndi chibaluni, madzi m'malo mwa mpweya, nthawi yokwanira, ndi dokotala wozolowera matumbo ovuta, amene tsopano akudziwa chimene akukafuna ndi pamene chili.