Musanaime pa chisankho cha bungwe la mapostdoc

Wofufuza amene wangomaliza PhD n'kulowa ntchito ya postdoc sakhalitsa pa yunivesite. Kontrakiti imakhala ya chaka chimodzi, ziwiri, mwina zitatu, kenako amamanga katundu. Bungwe la mapostdoc limadwala matenda omwewa: komiti yosankhidwa chaka chino, pofika chaka chamawa ena mwa anthu ake ali kale kumayiko ena, ndipo zimene ankadziwa apita nazo. Choncho amene akufuna udindo m'bungwe lotere ayambe wawerenga miyezi imene yamutsalira, kenako asankhe ntchito imodzi yoti ithe m'miyezi imeneyo, imenenso siidzagwa iye akachoka.

Choyamba dziwani mtundu wa bungwe limene mukulowamo, chifukwa dzina limanyenga. Alipo mabungwe a pa yunivesite imodzi, amene ndalama zawo zimachokera ku ofesi yoona za ofufuza, ndipo mphamvu yawo ndi ya kupempha ndi kulangiza basi. Alipo mabungwe oimira anthu apantchito, amene malamulo amawalola kukhala pa tebulo ndi olemba ntchito n'kusainirana za malipiro. Mapostdoc a ku University of California ali ndi bungwe lotere pansi pa UAW, bungwe lalikulu la anthu apantchito ku United States; mgwirizano wawo woyamba unasainidwa mu 2010, ndipo mu 2022 anali m'gulu la anthu pafupifupi 48,000 amene ananyanyala ntchito pa masukulu a yunivesiteyo. Ndiye pali mabungwe a dziko lonse kapena a mayiko angapo, monga National Postdoctoral Association ya ku United States imene inayamba mu 2003, ndi Eurodoc ya ku Ulaya imene inayamba mu 2002. Awa ntchito yawo yambiri ndi kulemba malangizo ndi kukambirana ndi opereka ndalama za kafukufuku.

Kusasiyanitsa mitundu itatuyi ndi kumene kumachititsa munthu kulonjeza zimene sangathe. Amaima pa chisankho cha bungwe la pa yunivesite n'kunena kuti adzakweza malipiro, pamene malipirowo amakonzedwa kutali. Ku United States mayunivesite ambiri amatsatira mlingo wa malipiro wa NIH, bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo. Mlingowu mu 2024 unakwera kuchoka pa madola 56,484 kufika pa 61,008 pachaka kwa woyamba kumene, ngakhale gulu la alangizi a NIH lomwelo linali litapempha 70,000 mu Disembala 2023. Ku Germany lamulo la mu 2007 ndi limene limaika malire a zaka zisanu ndi chimodzi za makontrakiti a kanthawi munthu akamaliza PhD, kupatula a zachipatala amene ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Komiti ya anthu asanu ndi atatu siingasunthe zimenezi. Zimene ingasunthe ndi zapafupi: mpando wa postdoc m'komiti ya kafukufuku ya yunivesite, thumba laling'ono lothandizira maulendo a ku misonkhano, tsamba limodzi lofotokoza momveka za tchuthi cha ubereki, mwayi woti mapostdoc azilandiridwa ku ofesi yolangiza za ntchito imene nthawi zambiri imathandiza ophunzira okha.

Musanapereke dzina, werengani malamulo oyendetsera bungwelo ndi mfundo za misonkhano ya zaka ziwiri zapitazo. M'malamulomo funani zinthu zinayi: amene ali ndi ufulu woima, kutalika kwa nthawi ya udindo, chiwerengero cha anthu chofunika kuti mfundo imangidwe, ndi amene amasainira ndalama. Choyambacho chimapunthwitsa ambiri. Pa yunivesite imodzi munthu wolipidwa kuchokera pa thandizo la ndalama za kafukufuku limene pulofesa analandira amawerengedwa ngati wantchito, pamene mnzake amene anabwera ndi thandizo lakelake sawerengedwa choncho, ndipo malamulo ena amamuiwala. Mfundo za misonkhano nazo zimaulula zimene zinayesedwa kale n'kukanika. Mukapeza kuti nkhani imene mukufuna kuimirira inakanidwa kawiri, fufuzani amene anaikana ndi chifukwa chimene anapereka. Mwina munthuyo anachoka. Mwina chifukwacho chidakalipo.

Maso a ambiri amathamangira pa mpando wa wapampando. Kwa woyamba kumene, ine ndimaona kuti udindo wa msungichuma kapena wa mlembi umaphunzitsa zambiri. Msungichuma amadziwa mmene ndalama zimayendera m'yunivesite, mwezi umene bajeti imatsekedwa, ndi munthu weniweni amene amavomereza, ndipo nzeru imeneyi adzaifuna tsiku limene adzakhale ndi labotale yake. Ngati mukufunadi upampando, funsani ngati malamulo amalola apampando awiri olowa mosinthana, wina akulowa pamene mnzake wagwira kale theka la nthawi yake. Ndipo ngati pa kontrakiti yanu patsala miyezi yosakwana 12, tengani ntchito yokhala ndi mapeto, monga kukonza tsiku limodzi la zokambirana, osati mpando.

Nthawi muiwerengere moona mtima. Membala wamba wa komiti aike padera maola atatu kapena anayi pamwezi. Wapampando aike maola omwewo pasabata, ndipo pamasabata oyandikira chochitika chachikulu awirikize. Ku United States sabata yachitatu ya Seputembala ndi yoyamikira mapostdoc, ndipo komiti imene yayamba kuikonzekera mu Ogasiti yachedwa kale, chifukwa zipinda ndi oyankhula zimafunika kusungitsidwa miyezi itatu kapena inayi nthawi isanakwane.

Mkulu wa labotale yanu amve kwa inu, asamve kwa ena, ndipo amve dzina lanu lisanatuluke pa mndandanda wa opikisana. Nkhawa yake ndi yodziwika: malipiro anu akuchokera pa thandizo limene iye adzayenera kulembera lipoti. Musapite ndi mawu akuti "sizisokoneza ntchito", chifukwa sakhulupirira. Pitani ndi manambala: maola angati pasabata, kuyambira mwezi uti mpaka uti, ndi pepala liti la kafukufuku limene tsiku lake lotumizira silisuntha. Dziwaninso chimene malamulo a kumene muli amakupatsani. Ku United Kingdom, mgwirizano wa Concordat, woona za mmene mayunivesite amasamalira ofufuza, umene unakonzedwanso mu 2019 umati wofufuza apatsidwe masiku osachepera 10 pachaka a kudzikuza pa ntchito, ndipo ntchito ya m'komiti ikhoza kulowa m'menemo mukagwirizana. Zimene mwagwirizanazo zilembeni mu imelo yaifupi tsiku lomwelo. Ngati muli m'dziko la eni pa viza ndipo udindowo uli ndi kandalama, funsani ofesi yoona za alendo musanalandire, popeza maviza ena salola malipiro ochokera kwina.

Mawu odzigulitsira pa chisankho akhale ochepa, osapitirira 200. Tchulani vuto limodzi, umboni wake, chimene mudzachite, ndi mwezi umene chidzaoneke. Amene amalemba malonjezo asanu ndi awiri amaiwala zija za pusi: ichi chakoma, ichi chakoma, anagwa chagada.

Mukasankhidwa, vuto loyamba limadabwitsa: simudziwa anthu amene mukuwaimira. Mayunivesite ambiri alibe mndandanda umodzi wa mapostdoc, chifukwa amalembedwa ndi mayina a ntchito osiyanasiyana m'madipatimenti osiyanasiyana. Ofesi yoona za antchito ikhozanso kukana kukupatsani mayina chifukwa cha malamulo oteteza zinsinsi za anthu, monga GDPR imene inayamba kugwira ntchito ku Ulaya mu 2018. Musalimbane nawo. Apempheni kuti iwowo azitumiza uthenga wanu wolandira alendo kwa aliyense wolowa kumene mwezi ndi mwezi, wofuna alembetse yekha.

Kenako pamabwera kafukufuku wa maganizo a mamembala, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu odziwa kufufuza amaukonza mosasamala. Mafunso akhale 10 kapena 12, oti munthu amalize m'mphindi zisanu. Musafunse dipatimenti, dziko lochokera, ndi zaka zakubadwa, zonse pamodzi, chifukwa m'dipatimenti yaing'ono mayankho atatuwo ndi dzina la munthu. Polemba lipoti musaonetse gulu la anthu osakwana asanu, ndipo m'mayankho olemba momasuka fufutani mayina ndi chilichonse cholozera labotale. Nenani poyera kuti anayankha angati mwa angati. Akuluakulu a yunivesite amayamba kufunsa zimenezo, ndipo mukazibisa amataya lipoti lonse. Ngati mukuganiza zodzasindikiza zotsatirazo m'magazini ya kafukufuku, chilolezo cha komiti yoona za chilungamo pofufuza chitengedwe mafunso asanatumizidwe, chifukwa kawirikawiri sichiperekedwa pambuyo.

Popita kwa mkulu wa kafukufuku wa yunivesite tengani tsamba limodzi: chimene mukupempha, mtengo wake, amene ali ndi mphamvu yovomereza, ndi zimene mayunivesite awiri kapena atatu ofanana ndi yanu amachita pa nkhaniyo. Mfundo yomalizayi ndi imene imagwedeza mitima, popeza palibe yunivesite imene imakonda kutsalira anzake. Pempho la ndalama lifike bajeti ya chaka chamawa isanamangidwe. Likafika pambuyo mudzamva zakuti "ndi nkhani yabwino, tiionanso", ndipo podzaionanso inu mudzakhala mutapita. Pasanathe masiku awiri tumizani imelo yonena zimene munagwirizana, amene achite, ndi tsiku lake.

Pali mbali ina imene palibe amene amaitchula pa nthawi ya chisankho. Anthu adzayamba kukubweretserani madandaulo: wina wachotsedwa dzina pa pepala limene anagwirira ntchito, wina akuzunzidwa ndi mkulu wake koma viza yake yadalira mkuluyo. Inu si woweruza, ndipo mukayamba kufufuza nokha mukhoza kuwononga mlandu wa munthuyo. Dziwiranitu maofesi oyenera, monga ya mkhalapakati wa madandaulo ndi yoona za chilungamo pa kafukufuku, ndipo muperekezeni ngati akufuna. Musalonjeze kusunga chinsinsi chonse musanadziwe ngati malamulo a yunivesite amakukakamizani kunena nkhani zina, makamaka za nkhanza zokhudza kugonana. Muuzeni zimenezo asanayambe kufotokoza.

Za ndalama n'zachidule: lisiti lililonse lijambulidwe tsiku lomwelo, musagule zinthu za bungwe ndi ndalama za m'thumba mwanu popanda chilolezo cholembedwa, ndipo funsani ngati zotsala zimawolokera chaka china kapena zimabwerera ku ofesi.

Kusiyira wina udindo kuyambe mwezi woyamba, osati womaliza. Bungwe likhale ndi imelo yakeyake ndi malo amodzi osungira mafayilo amene si a munthu, chifukwa akaunti yanu ya yunivesite idzatsekedwa kontrakiti ikatha ndipo zonse zili m'menemo zidzapita nayo. Anthu awiri adziwe mapasiwedi. Sungani kalata ya masamba awiri imene mukuiwonjezera pang'onopang'ono: mayina a maofesi ndi amene amayankhadi, masiku a bajeti, malonjezo amene akuluakulu anapereka koma sanakwaniritse, ndi zimene zinakanika pamodzi ndi zifukwa zake. Pofika pakati pa nthawi yanu mukhale mutapeza munthu wopita naye ku misonkhano, ndipo chisankho chichitike mwezi umodzi musanatule pansi udindo kuti muyendere limodzi. Pa CV musangolemba dzina la mpando. Lembani kuchuluka kwa anthu amene munkawaimira, kukula kwa bajeti imene munayendetsa, ndi lamulo kapena ndondomeko imene inasintha, pamodzi ndi chaka chake.