Dzino limene ndinataya pa mimba yoyamba

Mpaka lero lilime langa limathamangira pa mpata wa kumanzere kuja, pamene panali dzino lakumbuyo, ndipo ndikatero ndimakumbukira mimba yanga yoyamba.

Zinayamba ndi magazi pa mswachi. Mimba ili ndi miyezi itatu, ndikatsuka mkamwa thovu limatuluka lofiira, nkhama zotupa ngati ndalumidwa ndi njuchi. Ndinauza amayi anga, iwo osadabwa nkomwe, amvekere "ndi mmene zimakhalira mwanawe, mwana akukoka mphamvu m'mano mwako, mimba iliyonse imadya dzino limodzi." Apongozi nawo atamva kuti dzino layamba kunyerenyesa anandikhazika pansi, eti ndisayerekeze kupita kokazula chifukwa jakisoni uja amakafika kwa mwana. Ndiye inu mukanatani, akuluakulu awiri amene anabereka ana ambirimbiri akunena chimodzimodzi, ine wa mimba yoyamba ndikanatsutsa ndi chani?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kusikelo. Sindinajombe olo kamodzi. Amandiyeza thupi, BP, magazi, kukanikiza mapazi kuona ngati atupa, kumvetsera mtima wa mwana, zonse bwinobwino ndithu, koma panalibe ndi tsiku limodzi lomwe munthu ananena kuti "mayi tayasamulani tione." Nanenso sindinafunse, ndimaona ngati za mano ndi nkhani ina yosakhudzana ndi mimba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO kuyambira 2016 limalimbikitsa kuti woyembekezera azionana ndi azaumoyo kosachepera kasanu ndi katatu, tangoganizani maulendo onsewo mkamwa osatchulidwa.

Pofika miyezi isanu ndi iwiri dzino lija linalusa. Usiku osagona, mwana akukankha kumimba dzino likugunda kumutu, tsaya latupa. Ndinalimba mtima ndikupita mobisa kwa a mano, koma amene ndinawapeza atangoona mimba anabweza mpando kumbuyo, "mayi mudzabwere mukachira," nkundiuza ndizimwa panado basi. Ndinachira, ndinapitanso, dzino linali litabowoka mpaka kunsi, kumata sikukanathekanso. Anazula.

Pa mimba yachiwiri ndinakumana ndi dokotala wina wa mano, mzimayi wofatsa, amene anandimasulira zinthu ndili pampando. Magazi a m'nkhama aja akuti amabwera chifukwa mahomoni a mimba, progesterone ndi estrogen, amapangitsa nkhama kutupa msanga zikakumana ndi litsiro la m'mano, ndipo a CDC, bungwe loona za matenda ku America, amati zimachitikira azimayi 60 mpaka 75 pa 100 alionse oyembekezera. Ineyo nditaona magazi ndinachepetsa kutsuka poopa kudzipweteka, kumene kunali kuthira mafuta pamoto. Zoti mwana amayamwa kashiamu (mchere wolimbitsa mano ndi mafupa) m'mano ndi bodza, kashiamuyo amamutenga ku zimene mayi akudya ndipo zikachepa thupi limatapa m'mafupa. Chimene chimawononga mano ndi kusanza kuja, asidi wa m'mimba amafewetsa kunja kwa dzino, kuphatikiza kumangotolatola zotsekemera tsiku lonse. Ine ndimati ndikasanza pompo mswachi, kumakwecha dzino lofewa kale! Akuti chukucha ndi madzi kaye, udikire mphindi ngati 30, kenako utsuke.

Nanga jakisoni? Wochititsa dzanzi uja, lidocaine, amaloledwa kwa oyembekezera. Ekisire ya mano nayo ndi yochepa mphamvu kwambiri ndipo imalunjika pa nsagwada. Bungwe la madokotala a azimayi ku America, ACOG, linalemba mu 2013 kuti kutsuka, kumata ngakhale kuzula kumatheka nthawi iliyonse ya mimba, ndipo kuchedwetsa kumangokulitsa vuto. Zimene amapewa ndi mankhwala ena, monga tetracycline amene amadetsa mano a mwana, ndi ibuprofen makamaka miyezi yomaliza. Ndichifukwa chake umayenera kunena kuti uli ndi pakati ungolowa, olo mimba isanaoneke.

Anandimata dzino lina ndili ndi miyezi inayi ndi theka, nthawi imene nseru yatha koma mimba siinaleme. Kumapeto kugona chagada nthawi yaitali kumachititsa chizungulire poti chiberekero chimapsinja mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima, ndiye amakupendeketsa kumanzere ndi kapilo.

Sindikunena kuti aliyense amene sapita ndi mantha okha ayi. Ena ndi ndalama, ukuwerengera zogulira mwana ndiye dzino limadikira. Ena a mano ali kutali, kapena kuntchito wapempha kale masiku ambiri a sikelo ndipo ukuchita manyazi kupemphanso lina. Kutopa nako, abale, pali masiku amene fungo lokha la mankhwala otsukira mano limakudzutsira nseru, ndiye wina azikuuza za kukakhala pampando wa dokotala kukamwa kuli yasa? Koma kwa ine ndalama inalipo, mtunda sunali vuto. Ndinaopsezedwa kunyumba, kusikelo sanatchule, ndipo wa mano weniweniyo anachita mantha kuposa ine.

Dokotala uja anandiuzanso kuti tizilombo timene timabowola mano timatha kuchoka mkamwa mwa mayi kupita kwa mwana kudzera m'malovu, monga ukalawa ndi supuni yomwe ukumudyetsera. Izi zinandigwira, chifukwa kwa mwana woyamba uja ndinkachita zimenezo tsiku ndi tsiku ndili ndi dzino lowola mkamwa.

Nditabwerako ndinawafotokozera amayi zonsezi, za mahomoni, za asidi, za mafupa, ndikuwaonetsa dzino lomatidwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandiloza tsaya lakumanzere nkunena kuti "komabe linapita, si ndinakuuza?"