Phokoso la ku Chikanda ndi amalume anga a ku Matawale

Rock ndinayamba kuikonda chifukwa chosowa tulo. Ndili pa Chanco ndinkagona ku Chikanda, m'kachipinda kakhoma lopyapyala moti wa chipinda chinacho akatsokomola, ine ndinkadzidzimuka. Mnyamatayo anali ndi flash yodzaza nyimbo za gulu la rock la Linkin Park, ndipo mayeso akayandikira ankaziliza mpaka tambala woyamba. Sabata yoyamba ndinkamutukwana chamumtima. Pofika sabata yachitatu ndinakagogoda, foni ili m'manja, kupempha kuti anditumizireko.

Ambiri amakopeka ndi kukuwa kwa woimba wa Linkin Park, Chester Bennington. Ine chomwe chinandigwira n'chakuti nyimbo imodzi yokha inkanyamula rap ya Mike Shinoda, magitala olemera ngati galimoto yokwera ku Chawe, ndi DJ akukanda mbale chapansipansi. Chimbale chawo choyamba cha mu 2000 anachitcha Hybrid Theory, dzina lovomereza lokha kuti izi n'zakasakaniza. Nditafika kwa Rage Against the Machine ndiye mutu unaima. Tom Morello amaliza gitala mpaka umalumbira kuti pali DJ, chonsecho pa chikuto cha chimbale chawo cha 1992 analemberatu kuti sanagwiritse ntchito kiyibodi kapena mawu ojambulidwa kwina. Funk, rap, metal, zonse kuchokera m'manja mwa anthu anayi.

Panopa ndimakhala ku Matawale ndi amalume anga, munthu wa kwaya ndi wailesi yake ya mabatire. Tsiku lina ndikuchapa panja ndinatsegula nyimbo zangazo. Iwo anasuzumira pazenera.

“Mphwanga, kodi akukhoma malata kuti?”

Sindinayankhe. Ndinangosintha n'kuika Talking Heads, chimbale cha 1980 chija chotchedwa Remain in Light, chomwe oimba a ku New York amenewa anachipanga atamwerekera ndi afrobeat ya Fela Kuti wa ku Nigeria. Gitala imangobwereza kachigawo kamodzimodzi, ng'oma zikulumikizana, wina kuyamba ena kuvomera ngati pamtondo. Posakhalitsa ndinaona phazi la amalume likugunda pakhonde.

“Awa ndiye abera kwathu kuno,” anatero.

Apa m'pomwe nkhani inatseguka. Kani mkuluyu ali mnyamata anagwirako ntchito ku Kitwe m'zaka za m'ma 1970, nthawi yomwe Kenneth Kaunda analamula kuti wailesi ya ku Zambia iziika kwambiri nyimbo zakwawo. Anandifunsa ngati ndimawadziwa a WITCH ndi woimba wawo Jagari. Ndinachita manyazi, ine wodzitcha katswiri wa rock. Tinawafufuza pa YouTube, bandulo yanga ikulira. Magitala okalipa, ovuvuma, atakwera pa kagundidwe ka ng'oma komwe thupi langa linakazindikira msanga mutu usanamve. Amati Zamrock. Amalume anaimba nawo mzere wonse, maso ali psii.

Sikuti kusakaniza kulikonse n'kokoma, ayi. Pali magulu omwe amangoponya ng'oma ya ku Africa pamwamba ngati tomato wokongoletsa mbale, ndipo khutu limamva kuti ndiwo sizinalowerere. Zomwe ndimakonda n'zomwe ukachotsa mbali imodzi nyimbo yonse imagwa. Daniel Kachamba wa ku Chileka anachita zomwezo ndi kwela ya ku South Africa: anaitenga, n'kuipinda ndi kaimbidwe kake ka gitala mpaka inakhala yathu, ndipo palibe amamunena kuti ankaimba zachilendo.

Chomwe ndimalakalaka n'kudzamva mwana wa kuno ku Zomba ataika gitala yokalipa pa ng'oma za manganje. Ndinawauza amalume zimenezi, iwo anangoti ng'oma za manganje sizifuna wozithandiza phokoso.

Foni yawo yaing'ono ija tsopano ili ndi nyimbo zisanu za WITCH pa memori khadi. Linkin Park akuikanabe. Akuti mwana wa eni akukuwa chonchija, pafunika wina akamufunse chomwe chamuvuta.