Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku London: mtunda ndi maola ake

Mukafufuza pa intaneti mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi London, mupeza makilomita pafupifupi 8,000. Nambalayi ndi yoona, koma ndi ya njira yolunjika, ndipo pakadali pano palibe ndege yonyamula anthu yochoka pa Kamuzu International Airport n'kukatera ku London osaima pena. Mukaona 4,950 kapena 4,300 musasokonezeke, ndi mtunda womwewo. Yoyambayo ndi mamailosi wamba, inayo ndi mamailosi a panyanja amene oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito, ndipo mailosi imodzi ya panyanja ndi makilomita 1.852.

Chimene chimasintha ulendo ndi mzinda wosinthira ndege. Kudzera ku Nairobi ndi makilomita pafupifupi 1,430 kenako 6,830, onse pamodzi 8,260. Kudzera ku Addis Ababa ndi 2,600 ndi 5,900, kutanthauza 8,500. Kudzera ku Johannesburg mumayamba mwalowera kumwera makilomita 1,500, kenako n'kubwereranso kumpoto ena 9,070, ndipo gawo lachiwirili lokha limadya maola pafupifupi 11. Njira ya ku Joniyi ndingaisankhe pokhapokha tikiti yake itatsika mtengo kwambiri.

Ndege zazikuluzi zimathamanga makilomita 850 mpaka 900 pa ola, ndiye tikaphatikiza nthawi yonyamuka ndi yotera, kuchoka ku Addis kufika ku Heathrow, bwalo la ndege la ku London, ndi maola pafupifupi 8. Koma maola ambiri amathera pansi, podikira ndege yachiwiri. Yang'anitsitsaninso ngati ndege yochoka ku Lilongwe ikuima kaye kwina, chifukwa kutera kulikonse kumawonjezera nthawi ngakhale simutsika.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa nthawi zolembedwa pa tikiti. Nthawi iliyonse ndi ya komwe ndegeyo ikunyamukira kapena kutera, osati ya kuno. Addis ndi Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. London ili kumbuyo kwathu ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala kusiyanako ndi ola limodzi. Mukangochotsera nthawi yonyamuka pa nthawi yofika, yankho likhala lolakwika, ndipo wokuchingamirani akhoza kufika pa nthawi yosayenera.

Kwa ife a ku Mzuzu palinso gawo limene silimaoneka pa tikiti: msewu wa M1, makilomita oposa 300, kudutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu ndi Mponela. Bwalo la ndege lili ku Lumbadzi, musanalowe mumzinda wa Lilongwe, ndiye palibe chifukwa chokafika m'tauni n'kubwereranso. Basi imatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi zinthu zikayenda bwino, koma nkhungu ya pa Chikangawa kapena tayala kuphulika zimaononga dongosolo lonse. Popeza pabwalo muyenera kufika kutatsala maola atatu kuti ndege inyamuke, nyamukani dzulo lake mukagone pafupi.

Gulani ulendo wonse pa tikiti imodzi. Mukatero, ndege yoyamba ikachedwa, kampani ndiyo imakupezerani ina, ndipo katundu amapita yekha mpaka ku London. Musanachoke pa kauntala, onani kuti kapepala komata pachikwama chanu kalembedwa LHR ngati mukukatera ku Heathrow, osati ADD (Addis) kapena NBO (Nairobi).