Mphepo ya pa Sapitwa ndi zovala zimene tinanyamula

Dzuwa la ku Likhubula limanyenga. M'mwezi wa Julayi, munthu akaima pa ofesi ya zankhalango m'mawa kudikira kuti alembetse dzina ndi kupatsidwa womutsogolera, amafundidwa mpaka kuganiza kuti juzi imodzi imukwanira ulendo wonse. Koma Likhubula ali m'tsinde mwa phiri la Mulanje, pamene nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo kuchokera apa kukafika apo munthu amakwera mamita oposa 2,000. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse, kotero kuti ngakhale tsiku labata pansonga pamazizira ndi madigiri 12 kapena kuposerapo kuyerekeza ndi kumunsi. Apo n'kuti mphepo tisanaiwerengere, pamene mwini nkhani ndi iyoyo.

Tinakwera kudzera njira ya Chapaluka, imene imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba n'kukatulukira ku chigwa cha Chambe. Tisanayambe chitunda choyamba, wotitsogolera anayang'ana mnzanga amene anali atavala juzi ndi jekete pamwamba, nati: "Achemwali, vulani zimenezo muike m'chikwama. Mukazinyowetsa ndi thukuta pano, madzulo muvala chiyani?" Mawu amenewa ndi amene anatilamulira ulendo wonse. Chimene chimazunza anthu paphiri kawirikawiri ndi chinyezi cha thupi lawo lomwe, chifukwa madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, ndipo malaya onyowa akawombedwa ndi mphepo amasanduka chinthu choziziritsa mwini wake. Choncho ndi bwino kuyamba ulendo ukumva kachisanu pang'ono, pakuti pakangotha mphindi zochepa chitunda chimakutenthetsa chokha.

Nsalu ya thonje ndiyo yoipitsitsa pa nkhaniyi. Imamwa thukuta n'kulisunga, siuma msanga, ndipo ikanyowa sifunditsanso. Jinzi, imene ambiri a ife timaiona ngati chovala cholimba choyenera kutchire, ikanyowa imalemera, imakanirira m'mawondo ndipo imachedwa kwambiri kuuma ngakhale itayanikidwa pafupi ndi moto. Zovala zanga zonse ndinazipeza pa kaunjika mu msika wa Limbe, ndipo ntchito yaikulu inali kutembenuza chovala chilichonse ndi kuwerenga kansalu ka m'kati kamene kamanena chimene anapangira. Chovala chokhudza khungu chinali jezi ya mpira ya poliyesita, yamanja aatali, imene imataya thukuta n'kuuma pathupi pomwepo. Pamwamba pake ndinali ndi juzi yopepuka ya fleece (nsalu yofewa ya poliyesita yooneka ngati ubweya), ina yaubweya yokhuthala, ndipo kunja kwenikweni jekete yanayiloni yokhala ndi chipewa chake, yosalowa madzi ndi mphepo. Zovala zopyapyala zingapo zimaposa chijasi chimodzi chachikulu, chifukwa chimene chimafunditsa ndi mpweya wotsekeredwa pakati pake, komanso munthu amatha kuchotsa kapena kuwonjezera chimodzichimodzi malinga ndi mmene kwachera. Mwini chijasi ali ndi zosankha ziwiri zokha, kuphikika kapena kunjenjemera. Jekete ya pa kaunjika iyenera kuyesedwa kunyumba poithira madzi pamapewa ndi m'misoko, popeza zambiri zimaoneka bwino pamene mphamvu yake yotchinga madzi inatha kalekale.

Ku nyumba ya alendo ya Chambe dzuwa limabisala msanga kuseri kwa thanthwe lalikulu, ndipo chisanu chimatsika nthawi yomweyo. Chinthu choyamba titafika chinali kuvula zonse zimene tinayendera ndi kuvala zouma, zimene aliyense anazikulunga m'jumbo yokhuthala pansi pa chikwama. Zovala zimenezi n'za usiku basi: siziyendera, sizituluka pamvula, ndipo m'mawa zimabwerera m'jumbo ngakhale zitakhala kuti zoyendera zikadali zonyowa. Kuvala jezi yozizira m'bandakucha n'kowawa, koma kuwawa kwake n'kwa mphindi zochepa. Mlonda wa panyumbapo anatisonkhera moto ndi kutitenthetsera madzi, komabe moto umazima pakati pa usiku, ndipo amene amagona bwino ndi amene wavala chipewa chaubweya ndi sokosi zouma, ndiponso wayala chinthu chokhuthala pansi, chifukwa pansi pamayamwa kutentha kuposa mmene bulangeti lapamwamba lingabwezere. Titadzuka tinapeza udzu wa m'mbali mwa mtsinje utayera ndi chisanu.

Usiku umenewo ndinaona zovala za anyamata amene anatinyamulira katundu, ndipo sizinandisangalatse. Anthu amenewa ndi amphamvu zodabwitsa, ndipo ena mwa iwo amathamanga pa mpikisano wa Porters Race umene umachitika paphirili, koma mphamvu sizitchinga chisanu munthu akakhala pansi. Mmodzi anali ndi malaya awiri a thonje ndi kajekete kong'ambika zipi. Mlendo amene wakwanitsa kulipira ulendo wotere angakwanitsenso kugula juzi ndi chipewa china chapadera, ndipo nkhani ya zofunda za onyamula katundu iyenera kufunsidwa ku Likhubula komweko, asananyamuke.

Pa njira yochoka ku Chambe kupita ku Chisepo, nyumba ya alendo imene anthu amayambirapo kukwera Sapitwa, tinakumana ndi chiperoni. Anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre amachidziwa bwino: ndi mphepo yozizira yachinyezi imene imachokera kum'mwera chakum'mawa, mbali ya Mozambique kumene kuli phiri la Chiperone, ndipo imabweretsa nkhungu ndi mvula ya mawawa m'miyezi yozizira. M'tauni chiperoni chimangochititsa ulesi, koma pa mamita oposa 2,000 chimakhala china. Nkhungu inakwera kuchokera m'chigwa mofulumira, mnzanga amene anali patsogolo anasanduka chithunzithunzi, ndipo mawawa aja, amene saoneka ngati mvula yoti munthu n'kuithawa, anayamba kulowa m'nsalu mwakachetechete. Wotitsogolera anatiimitsa tisananyowe kuti tivale majekete. Apa ndi pamene dongosolo la m'chikwama limaonekera phindu lake, chifukwa jekete, chipewa ndi magolovesi ziyenera kukhala pamwamba penipeni, pamene dzanja lingazipeze popanda kukhuthula katundu yense pamphepo.

Kukwera Sapitwa kuchokera ku Chisepo kumafuna manja mofanana ndi miyendo. Pali mathanthwe otsetsereka, miyala ikuluikulu yoti munthu akwawe pansi pake, ndi mipata imene mphepo imadutsamo mwaukali. Zala zikachita dzanzi sizigwira mwala, ndiye chifukwa chake magolovesi pano ndi chida chotetezera moyo. Opyapyala amene amalola zala kupinda ndi amene anandithandiza. Okhuthala kwambiri amaterera, ndipo munthu amakakamizika kuwavula pamalo pomwe akufunika. Khosi ndi makutu ndinazikulunga ndi mpango. Lamulo lathu linali lakuti tikaima, ngakhale kuti tingomwa madzi, juzi yaubweya ivalidwe nthawi yomweyo thupi likadali lotentha, ndipo ivulidwe tikamanyamuka. Amene amadikira kuti ayambe wamva kuzizira amakhala atachedwa, popeza chovala sichipanga kutentha, chimangosunga kumene thupi lili nako kale. Pachifukwa chomwecho tinkadya pafupipafupi mtedza, nthochi ndi mbatata yootcha, ndi kumwa tiyi wa shuga wa m'fulasiki, pakuti thupi lanjala lilibe nkhuni zosonkhera moto wake. Mowa tinausiya kumunsi. Umapatsa munthu chinyengo chakuti wafundidwa pamene ukutsegula mitsempha ya pakhungu ndi kutaya kutentha kumene kunayenera kusungidwa m'kati.

Zimenezi si zongoopseza. Mu Julayi 2009 mlendo wina wa ku Brazil, amene anapitiriza ulendo wa ku Sapitwa yekha atavala zopepuka, anasochera nyengo itasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha pafupifupi milungu itatu. Chimene chinamupha chinali kuzizira. Kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, munthu amanjenjemera kosaleka, amapunthwa, lilime limalemera, ndipo nzeru zimasokonekera mwakuti iye mwini sazindikira kuti ali pangozi. Kunjenjemera kukasiya munthuyo akadali wozizira, zinthu zafika poipa. Ndi anzake amene ayenera kuona zizindikirozi, kumubisa ku mphepo, kumuvula zonyowa, kumuveka zouma ndi kumupatsa chakumwa chotentha ngati akutha kumeza bwino.

Pansonga sitinakhalitse. Nkhungu inang'ambika kwa kanthawi, tinaona nsonga zina zitatumphuka pamwamba pa mitambo, kenaka mphepo inatikankha kuti tizitsika. Pofika ku Chisepo madzulo sokosi ndi mathalauza zinali zitanyowa, ndipo aliyense anathamangira kuziyanika pamoto. Mlonda anasuntha benchi n'kuibweza m'mbuyo, natichenjeza kuti poliyesita ndi nayiloni zimasungunuka zikayandikira lawi, ndipo nsapato zikaumitsidwa pafupi kwambiri zimamatuka. Tinazipachika patali, pamene dzanja limangomva kufunda pang'ono, ndipo pofika m'mawa jezi ndi fleece zinali zitauma, pamene malaya a thonje a mnyamata wathu wonyamula katundu anali akadali achinyezi.