Thumba la nsawa linandiyankha

Popeza nkhaniyi yafika kale pamsika wa Kapata ku Chipata itamera miyendo inayi, lekani ndiinene ndekha. Choyamba, sindinagwade. Ndinkatola chipewa.

Abwana athu a pa depoti mukuwadziwa, aja ochokera ku Kasama. Ukachedwa mphindi zisanu, K20 yapita. Koma nyengo yogula nsawa ikafika, tikamakweza matumba a makilogalamu 50 m'malole a ku Lusaka mpaka usiku, wotchi yawo yomweyo imachita khungu. Mnzanga wa pa sikelo, munthu wokutuma kukapha njoka iye ali mumtengo, anati vuto langa n'lakuti ndikaima pamaso pa abwana mawu amathawira m'mimba. "Yamba wayeserera, amwene."

Lachinayi masana ndinalowa mosungira katundu. Ndinasankha thumba la Chalimbana lonenepa bwino, lamimba ngati eni ake, n'kuliimika, n'kuliveka chipewa chawo chimene chinali pamsomali. Inde, ndikudziwa. Munthu uja sapita kutali chipewa atachisiya. Nzeru zimenezo zikubwera lero.

Ndinayamba mwaulemu: "Abwana, ndabwera ndi kadandaulo." Thumba linangoti zii, mtima wanga n'kulimba. Ndinakweza mawu. Ndinaliwerengera ma K20 onse ndi masiku ake. Ndinaliuza kuti njinga yochokera ku Mchini ilibe mapiko. Ndinaliloza chala. Anzanga, Chichewa chimene chinatuluka m'kamwa mwanga tsiku lija, ngakhale pa Kulamba ku Mkaika akanandipatsa maikolofoni. Ndinafika potsanzira kayendedwe kawo, manja kumbuyo, mimba patsogolo, ndi Chinyanja chawo chopindika chija. Pomaliza ndinalimenya mbama pamimba, phaa! "Wamva, iwe wodya anyani?"

Thumba linatsokomola.

"Pitiriza, mbuya. Wadumpha Lolemba lija unafika naini koloko."

Ndinayang'ana thumba, nalo linandiyang'ana. Kwa kanthawi ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti nsawa zalankhula, ndipo ndinakondwa, chifukwa ufiti unali wabwino kuposa chinthu china chimene mutu wanga unayamba kuganiza. Ndinawerama pang'ono, n'kulifunsa thumbalo ndi ulemu wonse: "Mwati bwanji?" Ine, bambo wa ana atatu, kupereka ulemu kwa nsawa. Kuseri kwa mulu wa matumba kunatulukira cholembera, kenaka buku lowerengera katundu, kenaka dazi. Chipewa chinagwa chokha, ndipo apa m'pamene anthu akuti ndinagwada.

Ndinathawira kwa makolo. "Abwana, n'chimbuya chabe." Ndipo apa ndiweruzeni mwachilungamo. Ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana kuyambira kalekale, iwo za mbewa, ife za anyani, ngakhale pamaliro timapakana ufa popanda wokwiya. Mlandu wanga uli pati?

Anavomera. "Chimbuya ndithu, wodya mbewa iwe. Tsopano bwereza zonse, mwini wake ndabwera. Ndi kayendedwe komwe."

Anakhala pathumba lomwe lija, napinda manja. Ndinatsegula pakamwa. Mawu onse aja, miyambi yonse ija, zinali zitakwera kale basi ya ku Katete. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Timangothokoza, abwana, chifukwa cha ntchito." Kayendedwe kokha ndiko ndinakwanitsa, ndipo anati ndapambanitsa mimba.

Mwezi utatha ndinapeza K20 ina yadulidwa, pambali atalemba kuti "kucheza ndi katundu nthawi ya ntchito." Za maola a usiku anati adzaona, ndipo akuonabe. Mnzanga wa pa sikelo akulumbira kuti anaiwala zoti abwana alowa momwemo kukawerenga matumba, koma m'mawa uliwonse akandiona amavulira chipewa thumba lililonse limene lili pafupi.

Thumba lija linapita ku Lusaka Loweruka. Ndinalikweza ndekha. Sitinalankhulane.