Momwe ndinaikira difu ya limited-slip mu ekiselo ya kumbuyo ya Ford Mustang ya 1969

Difu ndi gulu la magiya logawira mphamvu ya injini ku matayala awiri a kumbuyo, ndipo difu wamba ili ndi vuto lodziwika bwino: tayala limodzi likaponda pamalo poterera, mphamvu ya injini imathera pa tayala lomwelo, linzake litangoima. N'chifukwa chake ndinaganiza zoika Traction-Lok, difu ya limited-slip ya Ford, kutanthauza yomwe ili ndi timbale ta kalachi togwirizanitsa matayala awiriwo. Ekiselo ya galimotoyi ndi ija yotchedwa 9-inch, imene Ford anaipanga kuyambira 1957 mpaka 1986, ndipo ubwino wake ndi wakuti chibade chonse chokhala ndi magiya chimatuluka chathunthu cha kutsogolo, munthu n'kukagwirira ntchito patebulo m'malo mogona chagada kunsi kwa galimoto.

Ndisanagule kanthu ndinazula shafuti ya tayala limodzi kuti ndiwerenge mano a kunsonga kwake, pakuti ekiselo iyi imabwera ndi mashafuti a mano 28 kapena 31, ndipo difu yosagwirizana ndi nambalayi siingalowe. Ndinagulanso mabelingi atsopano, gasiketi, ndi mabawuti ake a giya yaikulu (giya imene imamangidwa pa difu), popeza a difu wamba ndi osiyana ndi a Traction-Lok.

Kumasula sikunavute. Ndinakweza galimoto ndi jeke n'kuikhazika pa zochirikiza zachitsulo, ndinachotsa matayala ndi madilamu a mabuleki, ndipo manati anayi ogwira shafuti iliyonse ndinawafikira kudzera pabowo la mbale imene tayala limamangidwapo. Nditachotsa pulopela shafuti (shafuti yobweretsa mphamvu ya injini ku ekiselo) ndinamasula manati khumi a chibade, ndikusiya oyilo kuti akhetsere m'beseni. Chibadechi chimalemera kuposa makilogalamu 30, choncho jeke ikhale pansi pake musanachikoke.

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndikupempha aliyense wofuna kuchita izi kuti asapupulume. Ndisanakhudze bawuti iliyonse, ndinayeza ndi dial indicator (kachipangizo koyezera timipata ting'onoting'ono) kampata kamene kali pakati pa mano a giya yaikulu ndi a piniyoni (giya yaing'ono imene imaiyendetsa), m'malo angapo kuzungulira giya yaikuluyo, n'kulemba papepala. Buku la Ford limalola mpata wa 0.008 mpaka 0.012 inchi, koma magiya amene ayenda limodzi zaka zoposa makumi asanu anazolowerana kale, kotero kuti cholinga changa chinali kubwezera mpata womwe ndinaupeza, osati kungogwera pena paliponse m'malire a bukulo. Mukausintha mpatawo, magiya amalira mukathamanga, ndipo kulirako sikutha ndi oyilo. Ndinadindanso zizindikiro pa zivundikiro ziwiri za mabelingi, chifukwa chilichonse chiyenera kubwerera mbali yake. Piniyoni sindinaikhudze n'komwe.

Giya yaikulu ndinaisamutsira pa difu yatsopano nditapukuta bwino pokhalira pake, pakuti kachitsotso kakang'ono kokha kamapendeketsa giya. Ndinamanga mabawuti modumphadumpha ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), nditawapaka mankhwala oletsa kumasuka. Mabelingi ndinakapanikizitsa pa makina m'galaja ina, chifukwa kuwakhoma ndi hamala n'kuwaononga.

Mpata umasinthidwa ndi manati awiri akuluakulu a m'mbali: kumasula ina pang'ono n'kumanga inzake mofanana kumasendeza giya kufupi kapena kutali ndi piniyoni. Ndinabwereza kusendeza ndi kuyeza mpaka nambala inafanana ndi ya papepala, kenako ndinamangitsa pang'ono kuti mabelingi agwire mosagwedera, n'kuyezanso. Utoto wachikasu umene ndinapaka pa mano unaonetsa kuti akukhudzana pakati, osati kunsonga kapena kutsinde.

Pobwezera mashafuti pali chinthu chimene ambiri sachitchula. Mbali imodzi ya Traction-Lok ili ndi mizere iwiri ya mano imene iyenera kukhala yolunjikana, ndipo mukapukusa shafuti imodzi inzake isanalowe mpaka kumapeto, mizereyo imasemphana ndipo shafuti imakakamira panjira.

Ndinathira oyilo wa 80W-90 pamodzi ndi kabotolo ka friction modifier, amene amathandiza kuti timbale ta kalachi tisagwedezeke pokhota. Matayala akadali m'mwamba ndinapukusa limodzi ndi dzanja, ndipo linzake linazungulira mbali yomweyo, umene uli umboni wakuti difu ikugwira. Kenako ndinayendetsa galimoto pang'onopang'ono pabwalo lopanda anthu, ndikukhota kumanja ndi kumanzere mobwerezabwereza kuti oyilo alowerere pakati pa timbale, ndipo itazizira ndinayang'ana ngati gasiketi ikudontha ndi kuonjezera oyilo mpaka pakamwa pa bowo lothirira.